ZA UMOYO WATHU: Nkhawa imachedwetsa chilonda cha kuphazi kupola

M'malokeshoni a mzinda wa Harare monga Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, komwe kukukhala ana ndi adzukulu ambiri a Amalawi amene anapita kukagwira ntchito ku Zimbabwe kalekale, matenda a shuga salinso achilendo. Chimene odwalawa amaopa kwambiri ndi chilonda cha kuphazi. Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri amawononga mitsempha, phazi limachita dzanzi, ndipo munthu akhoza kuponda msomali osamva ululu. Poti magazi nawonso sayenda bwino, chilondacho chimachedwa kupola, ndipo nthawi zina mapeto ake amakhala kudulidwa chala kapena mwendo.

Mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika akapezeka ndi chilonda chotere, adokotala amamulangiza kuti asamapondere phazilo. Koma akakhala pakhomo, ya lendi ichokera kuti? Nanga ya mankhwala, mabandeji ndi yokwerera minibasi kupita ku chipatala cha Parirenyatwa? Usiku tulo sitibwera. Ashona amautchula mkhalidwe umenewu kuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso.

Maganizo oterewa sathera m'mutu mokha. Munthu akakhala ndi nkhawa nthawi yaitali, thupi limatulutsa mchere wotchedwa cortisol wochuluka, umene umakweza shuga m'magazi ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi. M'chaka cha 1995, Janice Kiecolt-Glaser wa ku Ohio State University ku America anapeza kuti tizilonda ta amayi osamalira abale odwala matenda oiwalaiwala tinkachedwa kupola ndi masiku pafupifupi 9 poyerekeza ndi ta amayi anzawo. Kafukufuku wina wa ku London wa mu 2007, wokhudza anthu 253 a shuga amene anali ndi chilonda choyamba cha kuphazi, anaonetsa kuti mmodzi mwa atatu alionse anali ndi matenda okhumudwa, ndipo pa miyezi 18 chiopsezo chawo cha imfa chinali chokwera pafupifupi katatu. Kuonjezera apo, munthu wotaya mtima amaiwala kumwa mankhwala, amadya mosasamala ndiponso amajomba tsiku lotsukitsa chilonda.

Mwayi ulipo chifukwa thandizo la vutoli linabadwira m'malokeshoni momwemo. M'chaka cha 2006, dokotala wa matenda a maganizo, Dr. Dixon Chibanda, anayambitsa ntchito ya Friendship Bench, imene inayambira ku Mbare. Agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pa benchi kunja kwa kiliniki, kumvetsera wodwala, ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe kulithetsa. Zotsatira za kafukufuku wa m'makiliniki 24 a mu Harare, wokhudza anthu 573, zinasindikizidwa m'magazini ya JAMA mu 2016. Patatha miyezi 6, mwa amene anacheza ndi agogowa, 14 okha pa 100 alionse ndi amene anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pomwe mwa enawo anali 50 pa 100 alionse.

Benchi silowa m'malo mwa chipatala. Chilonda chimafunabe kutsukidwa ndi anamwino, shuga ayezedwe pafupipafupi, phazi lipumitsidwe, ndipo likatupa, kununkha kapena kuda, wodwala athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Koma wodwala amene watula nkhawa zake amagona bwino ndipo amakhala ndi mphamvu zotsatira malangizo onsewa.

Choncho anamwino potsuka chilonda ayenera kufunsanso ngati mwini wake akugona tulo. Achibale nawonso ali ndi gawo lawo: wina akamugulitsire pamsika, wina amuperekeze kukiliniki, wina amuyang'ane kumapazi madzulo alionse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mwendo wa mayi uja ukhoza kupulumuka chifukwa cha anthu amene anamupeputsira katundu wa mumtima.