Ndalama za makalabu asazigawe powerenga mitu

Wophunzira akamalipira fizi kusukulu ya ukachenjede, pamakhala kandalama kena kamene kamapatukira ku bungwe la ophunzira. Safunsidwa ngati akufuna kupereka. Wa ngongole ya boma amapereka, wolipiriridwa ndi amalume ake amapereka, ngakhalenso uja amene chibwerereni pasukulupo sanapondeko ku msonkhano wa bungwelo. Ndalama yotoleredwa motere siisiyana ndi msonkho, ndipo anyamata ndi atsikana amene amakhala pansi n'kumaigawira makalabu akugwira ntchito ya boma, ngakhale ena mwa iwo ndevu zisanamere bwino. Tisawanyengerere poti ndi ana. Tiwafunse zimene timafunsa boma.

Mkangano wanga lero suli ndi msungichuma wakuba. Ameneyo aliyense amamudzudzula, ndipo kumudzudzulako sikulira nzeru. Ndili ndi mlandu ndi kagawidwe kena kamene anthu abwinobwino amakaona ngati chilungamo chenicheni: kalabu ya mamembala ambiri ilandire zambiri, ya ochepa itole nyenyeswa, ndipo pakavuta ophunzira onse avote kuti ndalama zilowere kuti. Amati imeneyo ndiye demokalase. Ine ndikuti ndi njira yaulemu yotsekera pakamwa anthu ochepa.

Taonani mmene zimakhalira tsiku la bajeti. Mlembi wa kalabu ya mtsutso wabwera ndi pepala limodzi lotayipa, kuseri kwake wamata kotesheni ya minibasi yoti iwatengere ku mpikisano. M'kalabu mwawo alimo 12. Wadikira pakhonde kuyambira masana. Polowa akupeza komiti yatopa, mabotolo a madzi ali mbwee patebulo, ndipo funso loyamba si lakuti mukufuna kuchita chiyani. Akumufunsa kuti, “Muli angati?” Akatchula nambala, wina kumapeto kwa tebulo akuseka. Patsogolo pake panalowa gulu la ophunzira ochokera boma limodzi, anthu mazanamazana, omwe nthawi ya kampeni anasenza pulezidenti pamapewa. Iwo atuluka ndi ndalama ya phwando lolandirira anzawo atsopano. Palibe waba apa. Malisiti onse adzapezeka. Koma wa mtsutso uja akutuluka ndi ndalama yosafika n'theka lomwe la ulendo, ndipo akafunsa chifukwa akumuuza kuti chaka chino ndalama zachepa. Angatsutse bwanji, pamene pepala losonyeza zimene ena alandira sanalionepo?

Nkhani yonga imeneyi inafika pa khothi lalikulu kwambiri la dziko la America, ndipo ndi yoyenera kuidziwa bwino. Ku University of Wisconsin, mumzinda wa Madison, wophunzira aliyense m'chaka cha maphunziro cha 1995-96 ankapereka madola 331.50 pamwamba pa fizi. Pafupifupi 80 peresenti ya ndalamayo inkapita ku zinthu monga chipatala cha pasukulu, masewero ndi kusamalira nyumba. Yotsalayo ndiyo inali m'manja mwa bungwe la ophunzira, Associated Students of Madison, kuti ligawire magulu, ndipo magulu olembetsa chaka chimenecho analipo 623. Mu 1996 ophunzira zamalamulo atatu, mmodzi mwa iwo Scott Southworth, anasumira sukuluyo. Dandaulo lawo aliyense wopemphera akhoza kulimva: ndalama yanga ikuthandiziranji magulu olimbikitsa zimene chikumbumtima changa chimakana, monga a sosholizimu ndi omenyera ufulu wa amuna kapena akazi okondana okhaokha? Anapambana m'makhothi awiri a m'munsi. Koma pa 22 Malichi 2000 majaji onse 9 a Supreme Court anagwirizana kuti sukulu ili ndi mphamvu yotolera ndalamayo, ngakhale kwa wophunzira wodana ndi ena mwa maguluwo, ndipo ambiri mwa majajiwo anawonjezera kuti pogawa asayang'ane maganizo amene gulu likulimbikitsa.

Ambiri akamafotokoza chigamulochi amalekera pomwepo. Kwa ine pokoma ndi potsatirapa. Ku Madison kunalinso njira ina yogawira: ophunzira ankatha kuchita riferendamu yopatsa gulu ndalama kapena kulilanda. Gulu lina lotchedwa WISPIRG linalandira madola 45,000 chaka chomwecho kudzera m'voti yotere. Jaji Anthony Kennedy, amene analemba chigamulocho, anaikayikira njirayi n'kuibweza m'munsi kuti akaiunikenso. Mfundo yake inali yakuti voti ya ambiri ikalowa m'malo mwa kusakondera, chitetezo chimene chimachititsa msonkhowo kukhala wololeka chagwa, poti cholinga cha kusakonderako n'chakuti maganizo a ochepa alandire ulemu wofanana ndi a ambiri.

Chifukwa chake n'chosavuta. Gulu la anthu 800 silifuna thumba la onse kuti limveke. Aliyense akasonkha K1,000 abwereka holo, abwereka zokuzira mawu, zakumwa n'kutsalako. Mawu awo amveka kale m'mahositelo, m'kafiteriya ndi m'bokosi la mavoti. Amene alibe kolowera ndi aja 12. Ngati thumba lotoleredwa mokakamiza likungowonjezera mphamvu kwa amphamvu kale, ndiye tikulanda ochepa kuti tikuzire mawu ambiri, ndipo wochepayo akulipirira yekha kusamveka kwake.

Mlandu uja utabwerera m'munsi, khothi la apilo mu 2002 linawonjezera mfundo ziwiri. Linati sikokwanira kuti komiti ilumbire kuti sikondera. Mphamvu yopanda malire m'manja mwa ogawa ndiyo vutolo, choncho pafunika miyezo yolembedwa yowamanga manja. Linakananso zoti komiti iziyang'ana zaka zimene gulu lakhalapo kapena ndalama zimene linalandira m'mbuyomo, popeza magulu ena ankamanidwa kale, ndipo kuwerengera zakale n'kupitiriza tsankho la dzulo mobisa. Mfundo yachiwiriyi ikanapachikidwa pakhoma m'maofesi ambiri, osati a ophunzira okha. Ndani sanaonepo bajeti yokonzedwa pongotenga ya chaka chatha n'kuthirapo pang'ono?

Wina adzati lamulo lotere limangoteteza magulu a zachilendo. Ayi ndithu. Mu 1995 Supreme Court inaweruza mlandu wa University of Virginia, kumene magazini ya ophunzira achikhristu yotchedwa Wide Awake inamanidwa madola 5,862 olipirira kusindikiza, pamene magazini ena a ophunzira ankalipiriridwa. Anaimana poti ndi yachipembedzo. Majaji 5 mwa 9 anati kumeneko n'kusala maganizo. Chishango chimene chinateteza Akhristu ku Virginia ndi chomwecho chinateteza a sosholizimu ku Madison, ndipo amene akuchifuna lero chifukwa ali ochepa ayenera kuchilola mawa akadzachuluka.

Ife kuno sitifunika kuwoloka nyanja kuti tidziwe phindu la kagulu kochepa. Writers Group ya ku Chancellor College inayamba mu 1970, nthawi imene kulankhula molakwika kunali kuika moyo pachiswe. Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande, Anthony Nazombe ndi anzawo ankakumana m'chipinda kumawerengerana ndakatulo ndi nkhani, kumatsutsana, kumaphunzira kubisa mkwiyo m'mafanizo. Mapanje anadzakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Zolemba zambiri zimene dziko lino limanyadira mizu yake ili m'chipinda chimenecho. Tsono kagulu kotere katabwera lero pamaso pa komiti yofunsa kuti muli angati, kangatuluke ndi chiyani? Kangagonje kwa gulu lililonse lokonza disiko. Malamulo oyendetsera dziko lathu, kuyambira gawo 32 mpaka 35, amateteza ufulu wokhala m'bungwe, wa chipembedzo, wa maganizo ndi wolankhula. Koma pasukulu ufulu umenewo umayenda ndi zinthu zing'onozing'ono: ndalama ya fotokope, mafuta a basi, chipinda chokumaniramo. Wogwira zimenezi ndiye amasankha amene amveke.

Ndisaname, lamuloli limawawa. Likutanthauza kuti pulezidenti wa bungwe amene ndi mtsogoleri wa mapemphero asayinire cheke cha gulu la okayikira za Mulungu. Likutanthauza kuti gulu la Asilamu pasukulu ya Akhristu ambiri liyesedwe ndi muyezo womwe uja wa kwaya. Likutanthauzanso kuti gulu limene linakunyozani pa kampeni, n'kukujambulani zithunzi zachipongwe pa WhatsApp, mulipatse ndalama ngati pepala lawo lakwaniritsa zofunika. Amene sangathe zimenezi asapikisane nawo pa mpandowo.

Sindikunena kuti kalabu iliyonse ilandire ndalama yofanana. Kumeneko kungakhale ulesi wina. Basi ya anthu 60 ndi yodula kuposa minibasi ya anthu 12, ndipo chiwerengero chili ndi malo ake powerengera mtengo wa ntchito. Chimene ndikukana n'chakuti chiwerengerocho chikhale muyezo wa kufunika kwa gulu. Malamulo azinena za ntchito, osati za eni ntchitoyo. Ngati thumba siligula mowa, lisagulire aliyense. Ngati ulendo uli ndi malire a ndalama, malirewo akhale a onse. Ngati kalabu yosabweza malisiti a chaka chatha siilandira kanthu, zikhale choncho ngakhale ili kalabu ya chibwenzi cha msungichuma.

Nthambi za zipani nazo zilowe pa khomo lomweli. Zikafuna holo yochitiramo mtsutso wa ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo kapena kugwa kwa kwacha, zipatsidwe monga wina aliyense. Zikafuna nsalu ndi malaya a kampeni, zikapemphe ku likulu la chipani chawo. Dziko lino linakhazikitsa lamulo la zipani mu 2018 loletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti. Mtsogoleri wa ophunzira amene akuthokoza magulu omuvotera ndi ndalama za thumba la onse akuchita zomwezo, kungoti iye akulipira chisankho chitatha, ndiponso ndi ndalama za omwe sanamuvotere.

Pali anthu awiri amene akamva zonsezi amadumphira ku mayankho achidule, ndipo onse ndikuwakana. Woyamba amati msonkhowo ungothetsedwa, wofuna kalabu azilipira yekha. Dziko la Australia linayesa. Boma la John Howard linakhazikitsa lamulo mu 2005 lothetsa ndalama yokakamiza ya mabungwe a ophunzira, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2006. Makalabu, masewero ndi thandizo la ophunzira zinafota m'masukulu ambiri, mpaka mu 2011 nyumba ya malamulo inalolanso masukulu kutolera ndalama ya ntchito zoterezi, koma n'kuletsa kuti ithandizire zipani kapena ofuna mipando ya ndale. Ngati zinavuta kwa iwo, kuli bwanji pasukulu pamene wophunzira amadya kamodzi patsiku podikira ndalama ya ngongole? Makalabu otsala angakhale a ana a opeza bwino ndi a amene ali ndi bwana wandale kumbuyo.

Wachiwiri amati mbuzi imadya pomwe aimangirira, choncho ana awa alandidwe chikwama, chizisungidwa ndi akuluakulu a sukulu. Ameneyu waiwala 2011. Chaka chimenecho mkulu wa apolisi anaitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga kukamufunsa za zimene ananena m'kalasi, ndipo mkangano wa ufulu wa maphunziro unatseka Chancellor College kwa miyezi. Nthawi ngati zimenezo zimabweranso, ndipo zikabwera, ophunzira ndi oyendetsa sukulu sakhala mbali imodzi nthawi zonse. Kalabu ya atolankhani a pasukulu imene pepala lake limasindikizidwa pokhapokha ofesi ya akuluakulu itasayina idzalemba zokomera ofesiyo. Akuluakulu aziwerengera mabuku, azitumiza oditala, azikana kutulutsa ndalama popanda malisiti. Kusankha gulu loyenera kumveka si ntchito yawo.

Chofunikacho si chodula. Ku Britain lamulo la zamaphunziro la 1994, m'gawo 22, linalamula kuti njira yogawira ndalama ku makalabu ikhale yachilungamo, yolembedwa, ndiponso yoti wophunzira aliyense athe kuiona, komanso kuti malipoti a zachuma a bungwe azitulutsidwa chaka ndi chaka. Zonsezi zimakwana pa mapepala ochepa ndi bolodi ya zidziwitso: kalabu yakuti inapempha zakuti, yalandira zakuti, chifukwa chake n'chakuti. Womanidwa alandire kalata yonena ndime ya lamulo imene walephera, osati mawu a pakhonde. Apilo imvedwe ndi anthu ena, osati komiti yomwe ija itangosinthana mipando. Membala wa komiti amene kalabu yake ikukambidwa atuluke panja. Kuyambira 2020 m'dziko lino mukugwira ntchito lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga m'maofesi a boma. Bungwe la ophunzira limene limaguba mumsewu kuti nduna iulule mmene yawonongera ndalama, lokha likusunga bajeti yake m'laputopu ya munthu mmodzi, lisadabwe anthu akamaliseka.

Chisankho cha bungwe chikayandikira, ofuna mipando adzaima kutsogolo usiku wa manifesito n'kulonjeza intaneti yothamanga, chakudya chotsika mtengo ndi oimba otchuka pa social weekend. Zambiri mwa zimenezo sizili m'manja mwawo. Kagawidwe ka thumba la makalabu ndiko kali m'manja mwawo kwathunthu. Wina aimirire m'holomo awafunse mmodzimmodzi kuti atchule gulu la pasukulupo limene amadana nalo kwambiri, kenaka anene lamulo limene adzagwiritse ntchito gululo likadzabwera ndi pepala lake lopempha ndalama.