Kamera ipite ku Sasare

Ku yunivesite kuli makosi ena amene mphunzitsi amasankha yekha mutu wapadera wa filimu ndi zoulutsa mawu, ophunzira n'kuusanthula kwa miyezi ingapo. Ku Zambia kuno amene akufuna ntchito ya kamera ndi maikolofoni amapita ku UNZA, ku Evelyn Hone, ku ZAMCOM, kapena ku sukulu ya MultiChoice Talent Factory imene inatsegulidwa ku Lusaka mu 2018. Funso lathu kwa onsewa ndi limodzi: mutu wapadera umenewo mudzautenga liti kumudzi kwathu?

Tikupereka mutu, waulere: Sasare. Kudera la Petauke kuli mgodi wa golide umene azungu anayamba kukumba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene dziko lino linali m'manja mwa kampani ya British South Africa. Golide anatuluka, n'kupita kunja. Amene anatsika m'maenje, ananyamula miyala, analipira msonkho wa nyumba ndi malipiro a kumgodi, anali makolo a Ansenga ndi anansi awo. Mpaka lero anyamata kum'mawa kuno akufunafuna golide ndi mafosholo. Pamenepa pali mbiri, ndalama, imfa ndi nyimbo, zokwanira kosi yathunthu. Wophunzira akafufuze mapepala akale ku National Archives ku Lusaka, kenako akwere basi ya Great East Road, adutse mlatho wa Luangwa ndi Nyimba, akakhale pansi ndi agogo, awafunse m'Chinsenga, ajambule, abwere kudzalumikiza filimu yake.

Ena adzati filimu ya chilankhulo chathu sigulika. Bodza. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anajambula I Am Not a Witch kuno kwathu, ochita sewero akulankhula Chinyanja ndi zinenero zina za m'dziko muno, ndipo mu 2018 inalandira mphoto ya BAFTA. Mu 2024 filimu yake ina, On Becoming a Guinea Fowl, inam'patsa mphoto ku Cannes. Chiwetel Ejiofor anaphunzira Chichewa kuti apange The Boy Who Harnessed the Wind ku Malawi, ndipo dziko lonse linaonera pa Netflix mu 2019. Mlendo akuvutika kuphunzira chilankhulo chathu, ife eni ake tikuchita nacho manyazi m'kalasi.

Ena adzati wophunzira ayenera kudziwa kaye Hollywood ndi mafilimu a ku France. Adziwe, sitikukana. Koma adziwenso kuti kamera inafika kuno ndi ntchito yotilangiza ngati ana. Kuyambira 1935 mpaka 1937 Bantu Educational Kinema Experiment inayendetsa mafilimu ophunzitsa anthu akuda m'maiko ano, ndipo kuchokera 1948 Central African Film Unit inkapanga mafilimu a boma la atsamunda. Wophunzira amene sanaone zimenezi adzapita kumudzi ndi diso lomwelo, kukajambula mwana wa mamina ndi denga la udzu kuti asangalatse opereka thandizo.

Ndalama za ulendo? Foni imene ili m'thumba mwathu ikujambula kale za TikTok tsiku lonse. Chosowa ndi mphunzitsi wonena kuti mayeso a chaka chino ndi filimu ya mphindi 10 ya ku Sasare, yoyamba kuonetsedwa kwa anthu amene ali m'filimumo, mfumu ndi nduna zake ali pomwepo. Akakana kuti si momwe zinalili, wophunzira wafeluka. Mawayilesi a m'madera monga Breeze FM ya ku Chipata akhala akulankhula ndi anthu m'Chinyanja kwa zaka zambiri. Akuluakulu ake aitanidwe kudzaphunzitsa.

Ife a mu Chawama, Kanyama ndi Mtendere ambiri tili ndi agogo kum'mawa. Nkhalamba zimene zinamva nkhani za mgodi kuchokera kwa makolo awo zikutha chaka ndi chaka. Amene muli m'makalasi amenewa, pitani kwa mkulu wa dipatimenti sabata ino mukapemphe kosi imeneyi ndi kalata, ndipo mulembepo dzina la Sasare.