Sukulu za mishoni zisatayane ndi mwana wa mmphawi

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, pali mayina a sukulu amene amaimbitsa nthungululu kuposa ena: St Mary's ku Zomba, Likuni, Marymount ku Mzuzu, Providence ku Mulanje, Mtendere ku Dedza, Chaminade ku Karonga. Mwana akasankhidwira kumeneko, mudzi wonse umamva. Kenaka kalata ya sukulu imafika, fizi ili pamwamba, m'munsi mwake muli yunifolomu, sutikesi, bulangete, ndowa ndi chikwakwa. Mayi amagulitsa mbuzi, atsibweni amatumiza kangachepe, temu yoyamba imatheka. Pofika temu yachiwiri khola lili mbee, mwana wanzeru uja ali pakhomo, kapena akupempha malo pa CDSS yapafupi.

Izi zimandipweteka mtima, chifukwa sukulu zimenezi sizinamangidwire ana a anthu olemera. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, ankaphunzitsa ana a alimi pansi pa denga la udzu. Zomba Catholic, yomwe ambiri timangoiti Box 2, inatsegulidwa mu 1942, dziko lino lisanakhale ndi masekondale oti nkuwawerenga. Ndipo mu kalata yawo ya 1992, imene timaikumbukira pa nkhani za ndale, maepiskopi a Katolika anadandaulanso za maphunziro, kuti ana akuthithikana m'makalasi, aphunzitsi ndi zipangizo n'zoperewera.

Lero zambiri mwa sukuluzi zimayenda pa mgwirizano. Malo, nyumba ndi mwambo wa pasukulu n'za mpingo. Boma limatumiza aphunzitsi n'kumawalipira, limasankha ana ambiri olowa Fomu 1, ndipo limayenera kupereka ndalama zothandizira kuyendetsa sukulu. Mipingo imakambirana ndi boma kudzera ku bungwe la ACEM. Papepala zonse zili bwino.

Vuto lili pa ndalama zothandizirazo. Akuluakulu a sukulu akhala akudandaula kuti n'zochepa, komanso zimafika mochedwa. Tsono m'mimba mwa mwana wogonera pasukulu simudikira cheke. Tsiku lililonse m'khitchini mufunika ufa, nyemba, mchere ndi nkhuni. Bilu ya magetsi ndi madzi sigona. Ophika ndi alonda afuna malipiro mwezi ukatha. Asisiteri kapena abulaza oyang'anira sukulu amakatenga chimanga pangongole, wamalondayo n'kuikapo mtengo wa ngongole. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zinakwera kamodzin'kamodzi. Chotsala n'chiyani? Kukweza fizi. Mtolo umene boma lazemba umagwera mayi wa mbuzi uja.

Ena amati msonkho wa anthu onse usamapite ku sukulu za mpingo umodzi. Funsoli ndi lomveka, koma tapitani mukaone amene ali pamzere wa asembule. Muli ana a CCAP, a Seventh Day, Asilamu, ndi ena osapemphera n'komwe. Amaphunzira silabasi ya boma, amalemba mayeso a MANEB, ambiri anatumizidwa kumeneko ndi boma lenilenilo. Ngakhale mkangano wa hijabu unathera pa mgwirizano umene bungwe la PAC linathandiza kuti usayinidwe mu 2021, wolola atsikana achisilamu kufunda kumutu m'sukulu zachikhristu zothandizidwa ndi boma. Ndalamazo ndi gawo la mwana wa dziko lino, ndipo zimutsate komwe boma lamutumiza.

Kupulayimale nkhani ndi yomweyo, kungoti kumeneko anthu safuula. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, sukulu za pamishoni zinadzaza, ndipo chimene chazigwira mpaka lero ndi manja a anthu. Ndi abambo a komiti oumba njerwa Loweruka, amayi olawirira kukaphika phala tambala asanalire kachiwiri, a gulu la amayi amene amalondola mtsikana wosiya sukulu mpaka kwawo kukakamba ndi makolo. Anthu awa sapempha alawansi. Kuwasiyira kuti agulenso choko ndi malata n'kuwadyera masuku pamutu.

Mpingo nawo uli ndi mbali yake. Makolo ali ndi ufulu wodziwa ndalama zimene boma lapereka, zimene fizi yabweretsa, ndi momwe zagwirira ntchito. Ziwerengedwe pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, zimatidwenso pakhoma. Miphakati ndi malimana, amene amasonkha mosanyinyirika pomanga tchalitchi, angathe kusunga mwana mmodzi pasukulu mpaka Fomu 4. Omwe anaphunzira m'sukuluzi, lero ali m'maofesi a ku Capital Hill, akumbukire amene anawadyetsa.

Kwa aphungu athu, bajeti ikamakambidwa funsani Unduna wa Zamaphunziro zinthu ziwiri poyera: mwana mmodzi wa m'sukulu zothandizidwa ndi boma akuwerengeredwa ndalama zingati pa temu, ndipo ndalamazo zizifika tsiku liti temu isanayambe.