Ma cc angati? Funsani kaye kumene galimotoyo izikayenda

Pali funso lina limene landikwana masiku ano. Paliponse pamene amuna atatu aimirira pafupi ndi galimoto yogulitsa, kaya ndi ku Biwi, kaya ndi ku Limbe, kaya ndi pamalo otsukira magalimoto, wina sachedwa kufunsa kuti, "Ndi ma cc angati?" Akamva kuti 1,500, onse amagwedeza mitu, nkhani yatha, galimoto yabwino. Akamva kuti 3,000 amaimba mluzu n'kubwerera m'mbuyo. Palibe wofunsa kuti galimotoyo izikayenda msewu uti, izinyamula chiyani, ndipo ikadzadwala adzaitsegule ndani.

Sabata yatha mwana wa mlongo wanga anandiimbira foni ali ndi chimwemwe chosaneneka. "Amalume, ndaipeza! Ya dizilo, 1.5, automatic. Akuti imangonunkhiza mafuta." Ndinamufunsa kuti aziyenda nayo kuti. Anati kuchoka ku Area 47 kupita ku City Centre m'mawa, kubwerera madzulo, Lamlungu kutchalitchi, basi. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, imeneyo usaigule. Gula ya petulo." Anakhumudwa, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukanakhumudwanso, chifukwa tonsefe tinakula tikumva kuti dizilo ndiye wa anthu odziwa kusunga ndalama.

Dizilo wa lero si uja wa makolo athu. Magalimoto ambiri a dizilo ochokera ku Japan ndi ku Ulaya ali ndi sefa m'paipi yotulutsira utsi, imene amakaniko amaitcha DPF. Ntchito yake ndi kugwira mwaye kuti usatuluke panja. Sefayo ikayamba kudzaza, kompyuta ya galimoto imathira mafuta owonjezera kuti mwayewo upsere momwemo. Koma kuti upse, injini iyenera kutentha mokwanira ndipo galimoto iyende mtunda ndithu osaimaima. Nanga munthu amene ulendo wake wonse ndi makilomita asanu, theka lake ali pamzere wa magalimoto, sefa yake ipsa liti? Kompyuta imayamba kuwotcha, iye wafika ku ofesi, wazimitsa. Mawa chimodzimodzi. Mafuta owonjezera aja amatsetserekera mu oyilo, oyilo amachepa mphamvu, ndipo mlingo wake m'malo motsika umakwera. Amene ali ndi Mazda CX-5 ya dizilo ya 2.2, ija inayamba kutuluka mu 2012, asolole kachitsulo koyezera oyilo aone. Pamwamba pa mzere wosonyeza kuti oyilo wadzaza pali chizindikiro cha X. Opanga anachiika dala, kuti oyilo akafika pamenepo mudziwe kuti wasakanikirana ndi dizilo, muchotse msanga. Galimotoyo si yoipa ayi. Imafuna msewu wautali, ife tikuimangirira m'tauni.

Nkhani yoti dizilo ndi wotchipa nayonso tiisiye. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, MERA inaika dizilo pa K2,734 lita imodzi pomwe petulo anali pa K2,530. Phindu la dizilo silili pa mtengo wa lita. Lili pa kutalika kwa mtunda umene litayo ikufikitseni, ndipo amalimva ndi munthu amene sabata iliyonse ali pa M1, lero ku Blantyre, mkuja ku Mzuzu, makilomita oposa 300 ulendo umodzi. Wa m'tauni amangolipira zodula za dizilo, zabwino zake osazilawa.

Tibwerere ku ma cc aja. Nambala imeneyo imangokuuzani kukula kwa masilinda onse pamodzi. Siikuuzani mphamvu, ndipo siikuuzani kamwedwe ka mafuta. Hilux yakale ya injini ya 5L ndi 3.0, koma ilibe turbo, ndipo paphiri imasiyidwa kutali ndi Hilux ya 2.4 GD-6 imene cc yake ndi yochepa. Mbali inayi, kainjini kakang'ono akakaika m'galimoto yolemera, inu n'kupakiramo matumba a feteleza, ana asanu ndi apongozi, n'kulunjika pa Chiweta, kamagwira ntchito kufikira pomaliza pa mphamvu zake. Turbo imangolira, kutentha kumakwera, phazi lanu lili pansi, mafuta amene munkafuna kusunga akupita. Injini yaikulu pamalo omwewo imakwera mosadzipanikiza. Mlimi wa ku Kasungu wonyamula mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma ndi mphunzitsi wa ku Zomba woyendera ana ake ku Lilongwe kamodzi pamwezi sangagule injini imodzi, ngakhale onse akufuna ya dizilo.

Pamene ma cc ali ndi mawu enieni ndi pachipata. MRA imawerengera msonkho poyang'ana zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, choncho amene akuitanitsa yekha kudzera ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, kapena kuchokera kummwera n'kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ayenera kuwerengera zimenezo asanatumize ndalama. Izo n'zoona. Koma msonkho mumalipira kamodzi. Ma injector, turbo ndi sefa ija mudzakhala nazo mpaka tsiku logulitsa.

Ine mtima wanga, ndinene poyera, uli pa injini zakale zija: 3L ndi 5L za Toyota, TD27 ya Nissan, 4JA1 ya Isuzu, ndi 1HZ ya 4.2 imene imayendetsa ma Land Cruiser ambiri a ambulansi ndi a mabungwe m'midzi yathu. Ndi zaphokoso, ndi zaulesi pothamanga, zimafuka utsi zikamakwera. Koma pampu yake ndi yachitsulo chokhachokha, makaniko wa pa Jenda kapena pa Nchalo amaidziwa, ndipo mafuta akakhala okayikitsa pang'ono zimapirira. Injini za common rail, monga D-4D ndi zinzake, zimapopera mafuta ndi mphamvu yoopsa kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso. Kadontho ka madzi kapena kafumbi kamakwanira kuwononga injector. Tsono kumbukirani mizere ya mafuta imene takhala tikuiona kuyambira 2022, anthu kugona pamalo omwetsera mafuta, ena kutopa n'kukagula wa m'zigubu amene palibe akudziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani. Amene anathira wa m'chigubu mu common rail ambiri anakaonana ndi makaniko. Sindikunena kuti tonse tibwerere ku injini za kale. Ndikunena kuti wogula ya makono adziwe kuti wagulanso udindo wosintha sefa ya mafuta pa nthawi yake, ndiponso woimika galimoto panyumba dizilo wodalirika akasowa.

Pa nkhani ya magiya ndiye pamene timalankhula zopanda pake kwambiri. "Automatic ndi ya azimayi." Mawu amenewa amandinyansa, choyamba chifukwa amanyoza amayi athu amene ambiri amayendetsa bwino kuposa owanenawo, chachiwiri chifukwa amabisa mafunso ofunika. Manual ili ndi ubwino wake woonekeratu: batire likafooka anyamata amakukankhani n'kulira, kalachi ikatha makaniko aliyense amasintha, ndipo pa bakkie wamba mtengo wake umapiririka. Koma manual ya dizilo ya ku Ulaya nthawi zambiri imakhala ndi flywheel ya zigawo ziwiri, dual mass, imene ikatha imagwedeza galimoto yonse ndipo imasinthidwa pamodzi ndi kalachi pa mtengo wouma. Choncho mawu oti manual ndi yotchipa kukonza ali ndi malire ake.

Automatic nazonso si mtundu umodzi. Ija ya mu Prado, Pajero kapena Hilux, yoyendera torque converter, ndi yolimba kwabasi ngati eni ake akale ankasintha mafuta ake a ATF. Ngati ili ndi kachitsulo koyezera, sololani muone: akhale ofiira, osanunkha zopserera. Akakhala akuda ndi fungo la chinthu chowauka, musamvere zoti "tingosintha mafuta, ikhala bwino." Koma DSG ya mu Golf kapena Polo ndi nyama ina. M'kati mwake muli makalachi awiri oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo mtundu wake wa makalachi ouma sukondwa ndi kukwawa pang'onopang'ono pamzere wa pa Chipembere Highway nthawi yoweruka. Ikavuta imafuna munthu wa makina oyezera amene anaiphunzira, osati wongoyesa mwayi. Musanagule, dziwani kaye kumene munthu ameneyo ali. Ngati ali ku Lilongwe inu mukukhala ku Chitipa, mwaona kale mmene zidzakhalire.

Ndipo inu a automatic, giya ili ndi zilembo zina kupatula D. Potsika Khwekhwerere kapena phiri la ku Chikwawa, ikani pa 2 kapena L kuti injini ikugwireni. Kutsika phiri lonse phazi lili pa buleki kumawotcha mabuleki, ndipo akatentha sagwira. Nanunso a manual amene mumachotsa giya potsetsereka kuti musunge mafuta, lekani. Injini ya makono ikakhala m'giya inu mutachotsa phazi pa moto, kompyuta imadula mafuta yokha. Mukaika pa free ndiye imayamba kumwa kuti isazime, inu mutataya chokugwirani. Komanso automatic ikafa panjira musaikoke ndi chingwe mtunda wautali, chifukwa injini ikazima pampu ya mafuta a m'giyabokosi siizungulira.

Pano ndiloleni ndidandaule dandaulo langa lakale. Kodi amakaniko ena anakuuzani ndani kuti thermostat ndi ya kumayiko ozizira? Galimoto ikangofika, munthu amaichotsa n'kuitaya, akuti kuno n'kotentha. Ndinaimapo pagalaja ina ndikuona mnyamata akuiponya m'chitini cha mabawuti akale, mwini galimoto akuthokoza. Kachipangizo kameneka kamasunga injini pa kutentha kumene inapangidwira. Mukakachotsa, dizilo amayenda wozizira m'mawa wonse wa ku Dedza kapena ku Mzuzu, mafuta sapsa bwino, mwaye umachuluka, injini imatha msanga. Ngati galimoto ikutentha, vuto lili pa radiator, pa fani kapena pa pampu ya madzi, ndipo kuchotsa thermostat n'kubisa matenda. Masiku ano afika pobowola DPF ndi kuzimitsa nyali ya chenjezo pa dashboard, galimoto n'kupita pamsika. Wogula amaona nyali zonse zili zii, n'kumati wapeza yabwino.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mwambi umenewu ndimaukumbuka nthawi iliyonse ndikaona injini yotsukidwa mpaka kunyezimira, matayala opakidwa polishi. Injini yogulitsa ikayera mopitirira, dzifunseni kuti akubisa kudontha kwa chiyani. Ndimaukumbukanso ndikaona zithunzi zimene abale athu a ku Britain amatumiza. Kuchokera mu Ogasiti 2023, London yonse ili m'dera lochepetsa utsi lotchedwa ULEZ, ndipo dizilo wakale wosafika pa muyezo wa utsi wa Euro 6 amalipira £12.50 tsiku lililonse limene wayenda. Eni ake amafuna kuwachotsa m'manja, mitengo imaoneka yokoma, mipando ndi yachikopa. Koma misewu ya kumeneko amaithira mchere nthawi yachisanu, ndipo dzimbiri limadya kunsi kumene chithunzi sichifika. Uzani m'bale wanuyo agwade ajambule pansi pake.

Amene mwatsimikiza kuti moyo wanu ukufunadi dizilo, kaoneni galimotoyo m'mamawa mwini wake asanailize. Gwirani injini ndi dzanja; ikakhala yofunda, wina wakutsogolerani, mubwerenso mawa. Dizilo wabwino amalira msanga ali wozizira. Imani kumbuyo muone utsi: wabuluu ndi oyilo akupsa, woyera wosatha ndi ma injector kapena madzi akulowa m'silinda, wakuda wochuluka ndi mafuta osapsa bwino. Injini ikulira, masulani chotsekera cha oyilo muone ngati mpweya ukutuluka mwamphamvu. Ngati ndi Hilux ya D-4D, funsani za lamba wa timing, amene amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo akuonetseni lisiti, osati pakamwa. Makilomita a pa dashboard muwayerekeze ndi kutha kwa chiwongolero ndi mphira za pa mapedulo.

Kenako tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, mumulipire tsiku lake, mukwere nayo phiri lenileni muli anthu anayi m'katimo. Wa ku Zomba akwere msewu wa ku Ku Chawe, wa ku Blantyre atsikire ku Thabwa n'kubwerera. Manual muiike giya yapamwamba n'kuponda moto. Injini ikakwera mawu liwiro osawonjezeka, kalachi yatha. Automatic mumvetsere ngati ikugunda kapena kuchedwa posintha ikatentha. Wogulitsa akanena kuti mafuta ndi ochepa, thirani anu. Akakanabe, musiyeni, mukaone ina.