Mlongo Wotsala Timamuiwala

Pa maliro ku Tsangano kapena ku Furancungo m'boma la Macanga, timathamangira kupepesa wamasiye ndi makolo. Mlongo wa malemu timangomudutsa. Iye amakhala pa kalikiliki kufuna matabwa a bokosi ndi ufa wa adzukulu. Anthu akabalalika amatsala ndi ana amasiye, misozi yake asanakhetse n'komwe.

Kuyambira 2022, bungwe la WHO limawerengera m'gulu la matenda chisoni chimene chapitirira miyezi 6 n'kumamulepheretsa munthu ntchito zake. Ena amva za psilocybin, mankhwala ochokera mu bowa wina, amene amasintha maganizo kwa maola angapo, ndipo akufunsa ngati angathandize. Dziko la Australia linalola mankhwalawa mu 2023, koma kwa okhawo ovutika maganizo kwambiri amene mankhwala ena awakanika, osati aliyense wolira, ndipo madokotala amamuyang'anira wodwalayo mpaka mphamvu yake itatha.

Zimenezi n'zosiyana ndi kukazula bowa wosadziwika kuthengo m'dzinja, wina amapha. Mbale wathu akaleka kudya, kugona ndi kupita kumunda, timuperekeze kuchipatala, ndipo pobwerera tikhale naye pakhonde atisimbire za malemuyo.