NZERU ZA MAKONO: Kapitao wobisika m'foni mwanu

Sabata ino tikambirana za bvuto limene lidandaulitsa mabanja ambiri kumidzi, ndilo batire ya foni imene ikutha dzuwa lisanalowe. Kumene kulibe magetsi, munthu ayenera kuyenda mtunda ndi kulipira mwini sola kuti amuchajire. Tsono nkwabwino kudziwa cimene cimadya mphamvuyo, ndi amene amailamulira m'katimo.

M'foni iriyonse muli kacipangizo kochedwa purosesa, ndiko kamene kamagwira nchito zonse zowerengera. Purosesa imatsata kugunda kwa koloko yake monga momwe obvina atsatira ng'oma. Mukaona pa bokosi la foni palembedwa 2 GHz, ndiye kuti ikhoza kugunda nthawi 2,000,000,000 pa sekondi imodzi. Koma liwiro liri ndi mtengo wake. Kuti igunde mofulumira imafuna voteji yokwera, ndipo voteji ikawirikiza kawiri, mphamvu yodyedwa imawirikiza kanayi. Cifukwa ca ici purosesa siithamanga nthawi zonse. Imakweza ndi kutsitsa liwiro lake kambirimbiri foni iri m'manja mwanu.

Nanga ndani amene asankha liwirolo? Mafoni a Android amayenda pa maziko a Linux, pulogalamu imene Bambo Linus Torvalds a ku Finland anayamba kulemba mu 1991. M'kati mwa Linux muli anchito awiri. Woyamba, amene akatswiri amucha scheduler, ali ngati kapitao wa pa famu: ndiye agawa nchito, nanena iti iyambe ndi iti iyembekeze. Waciwiri, wochedwa governor, ali ngati wogwira cikwapu pa ng'ombe zolima: ndiye afulumizitsa kapena kucepetsa mayendedwe.

Kale awiriwa sanali kukambirana. Njira yochedwa ondemand, imene inalowa mu Linux mu 2004, inali yakuti wogwira cikwapu azisuzumira pakapita kanthawi, aone ngati purosesa inali yotanganidwa, ndipo asankhe liwiro. Bvuto lake linali lakuti anali kuona za kumbuyo cabe. Nchito yolemera ikabwera iye atangosuzumira, foni inali kukoka miyendo kufikira atabweranso. Nchito ikatha, purosesa inali kuthamangabe kwa kanthawi popanda katundu, batire nkumapita cabe.

Mu 2016, m'Linux 4.7, Bambo Rafael Wysocki a kampani ya Intel anabweretsa njira yochedwa schedutil. Nzeru yake njapafupi: wogawa nchito ndiye adziwa bwino kulemera kwa katundu, cotero iye ndiye aziuza wa cikwapu. Kapitaoyu anali atayamba kale, mu 2013, kusunga kaundula wa nchito iriyonse payokha. M'kaundulamo zocitika posacedwa zimawerengedwa kwambiri, zakale zimanka zizimiririka. Tsopano nchito ikadzuka, ikatha, kapena ikasamutsidwa, uthenga ukhoza kupita pomwepo kuti liwiro lisinthe.

Kawerengedwe kake ndi aka. Liwiro limene katundu afuna amaliwonjezera gawo limodzi mwa magawo anayi, kuti pakhale kapumidwe. Ngati purosesa ifika 2 GHz, ndipo katundu wadzaza magawo 40 pa 100, liwiro lopemphedwa ndi 1 GHz. Katundu akafika magawo 80 pa 100, purosesa ithamanga ndi mphamvu zake zonse.

Mu 2019, m'Linux 5.0, kapitao anaphunzitsidwanso cina. Mafoni ambiri ali ndi mapurosesa amitundu iwiri pamodzi, amphamvu koma odya kwambiri, ndi ang'ono odya pang'ono. Kapitao amayamba kuwerengera kumene nchito idzadya batire yocepa asanaipereke. Mlimi wanzeru samanga ng'ombe zinayi pa ngolo kuti akatenge thumba limodzi la cimanga, amatuma bulu. Mafoni ambiri a Android a zaka zino ayenda m'njira imeneyi kapena ina yofanana nayo.

Owerenga athu, apa pali phunziro. Kapitao sakana nchito imene mwamupatsa. Mapulogalamu amene simuwagwiritsa nchito koma amadzuka okha mseri amakwezetsa liwiro, cotero acotseni m'foni. Tsegulani battery saver pamene muli kumunda kapena pa ulendo, cifukwa imaletsa zambiri zocitika mseri. Cepetsani kuwala kwa galasi, pakuti nalonso limadya kwambiri. Musasiye foni padzuwa kapena pafupi ndi moto: ikatentha, purosesa imakakamizidwa kutsitsa liwiro, ndiponso batire imakalamba msanga.

Akulu anati kuthamanga sikufika. Foni imene ithamanga pokhapo pamene pali katundu ndiyo imakhalabe ndi moto usiku, pamene mufuna kuitana galimoto yotengera wodwala kucipatala. Tidzakumananso sabata yamawa.