Gunther, wogulitsa khofi amene alembi anamuiwala

Okonda sewero lanthabwala la pa kanema la ku America lotchedwa Friends amadziwa pamtima mayina a anthu asanu ndi mmodzi aja okhala pasofa m'malo omwera khofi otchedwa Central Perk. Kumbuyo kwawo kunkaima Gunther, wogulitsa khofi wa tsitsi loyera mbee, amene anaonekera m'magawo oposa 140 mwa magawo 236 a seweroli, kuyambira 1994 mpaka 2004.

James Michael Tyler anapatsidwa malo a Gunther m'seweroli chifukwa ankadziwa kugwiritsa ntchito makina opangira khofi. Chaka choyamba chonse sanatulutse liwu.

Atayamba kulankhula, alembi anamupatsa chinthu chimodzi chokha: chikondi chobisa pa Rachel, mmodzi wa anthu asanu ndi mmodzi aja, chimene anachiulula m'gawo lomaliza. Tsiku lina Gunther ananena kuti kale ankasewera m'sewero la All My Children, tsiku lina anamveka akulankhula Chidatchi, koma zonsezo zinathera pomwepo. Ndi zomvetsa chisoni kuti munthu woseketsa ndi maso okha chotere sanapatsidwe nkhani yakeyake kwa zaka khumi. Tyler anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 59.

Alembi a sewero lina lanthabwala lotchedwa Cheers anachita mosiyana. Frasier Crane analowa m'seweroli mu 1984 kuti aonekere m'magawo ochepa chabe, koma alembiwo ataona luso la Kelsey Grammer, amene ankasewera ngati Frasier, anamusunga. Mu 1993 anamupatsa sewero lake, Frasier, limene linaonetsedwa kwa zaka 11 n'kupata mphoto za Emmy zokwana 37.